Ayi wa Tessa Haugrud

Kwathu kuno ku Ostby munthu woleredwa bwino savomera chinthu ulendo woyamba. Akakupatsa khofi umati, "Ayi, zikomo, ndangomwa kumene," ngakhale kukhosi kutauma gwa. Akakufunsanso umati, "Ayi ndithu, musavutike." Mwini nyumba naye amadziwa ntchito yake. Sabweza ketulo pachitofu, amaima pomwepo n'kufunsa kachitatu, ndipo apo m'pamene umagonja: "Chabwino, ngati sikukuvutitsani." Ikakhala keke umawonjezera kuti, "Kachidutswa kakang'ono basi," kenako n'kudya zidutswa ziwiri zikuluzikulu. Wovomera msanga timamunena kuti ndi wadyera, wofunsa kamodzi timamunena kuti ndi womana. Ine Ardis ndayang'anira khitchini ya tchalitchi chathu mpaka tsitsi layera, ndipo anthu a mitundu iwiri yonseyi ndawanenapo.

Tessa Haugrud amakhala tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi nyumba yanga. Ndinamudziwa ali kamwana ka mamina, ndipo ndinamuona akukula mpaka kukhala woyendetsa basi ya sukulu. M'basimo ayi wake anali ayi weniweni. Anyamata ataliatali, ena ndevu zitayamba kale, ankangoona maso ake pagalasi lija n'kukhala pansi okha. Koma akatsika m'basi ankasanduka wa ku Ostby ngati tonsefe. Mwamuna wake Brent amagwira ntchito ku zitsime za mafuta ku North Dakota. Amakhala komweko milungu ingapo, n'kubwera kudzagona masiku ochepa. Ntchitoyo sakanaisiya, poti inshuwalansi ya kuntchitoko ndi imene inkawatsegulira khomo la chipatala. Choncho mtolo wa mwana wawo Linnea kwenikweni unali pamutu pa Tessa.

Linnea anadwala ali ndi zaka zitatu. Zinayamba ngati chimfine wamba, thupi kutentha, mwana kungofuna kugona. Posakhalitsa sankathanso kuzindikira mayi ake. Anathamanga naye ku chipatala cha ana ku Minneapolis, ndipo kumeneko anati ubongo watupa. Anachoka chimanga chikulekeza m'mawondo, anabwerako chitakololedwa. Mwana anabwera wamoyo, tinayamika Mulungu, tinaphika. Koma matendawo anasiya chipsera mu ubongo, cha kumanzere, ndipo chipseracho chinabala khunyu.

Sikunali kugwa kwa apo ndi apo ayi. Linnea ankatha kukhala akusewera bwinobwino, mwadzidzidzi mutu n'kugwa ngati wina wadula chingwe, chipumi n'kumenya patebulo. Nthawi zina ankauma thupi lonse, milomo n'kuda, dzanja lamanja likunjenjemera lokha. Zinkabwera m'mawa, masana, m'bafa, pakati pa chakudya. Anamupatsa chisoti chofewa chotchinjiriza mutu, ndipo tsitsi lake loyera ngati ndevu za chimanga linkangosuzumira m'mbali. Mwiniwake chisoticho ankachitcha mphika. "Agogo Adisi, mphika wanga uli kuti?" Pajatu mwanayo anali wolongolola ngati wailesi, matenda onsewo pakamwa pokha anali asanapakhudze. Mankhwala anayesa osiyanasiyana. Ena ankamugoneka tsiku lonse, ena anamupatsa ukali mpaka kuluma mayi ake, ena anamutulutsa zidzolo. Kugwako sikunasinthe.

Tessa anasiya kugona monga agonera anthu. Anayala matiresi pansi m'chipinda cha mwana, ndipo ankagona dzanja lili mmwamba, litagwira mwendo wa Linnea, kuti zikayamba amve. Nthawi imene iye ali m'basi, m'mawa ndi masana, mwana ndinkakhala naye ndine. Ndinachita kumufunsa katatu monga mwa lamulo kuti avomere. Sindibisa, ndinkaopa. Anandiphunzitsa kumugoneka cham'mbali, kusamuika kanthu m'kamwa, ndi kuyang'ana wotchi, koma mpaka lero mtima sunazolowere. Anthu akakumana naye Tessa m'sitolo n'kufunsa kuti zikuyenda bwanji, ankati, "Tiliko, bolako," maso ali psuu ngati wasuta.

Dokotala wa mwanayo anali mayi Menon, wamfupi, wochokera kutali, wosadziwa kuzungulira polankhula. Tsiku lina chisanu chikutha Tessa anabwerako kumzinda, n'kukhala pampando wa m'khitchini mwanga osavula ndi jekete lomwe.

"Akuti achotse pamene pali chipserapo," anatero.

"Achotse bwanji?"

"Ndi mpeni, a Ardis. Mumayesa ndi supuni? Atsegule mutu wa mwana wanga."

"Ndiye akatero achira?"

"Mwina. Koma akuti pamenepo m'pafupi ndi pamene pamakhala mawu. Akhoza kutuluka atachira, akhozanso kutuluka osatha kulankhula, dzanja lamanja litafooka."

Tonse tinayang'ana pabalaza, pamene Linnea anali kukalipira chidole chake chifukwa chokana kuvala nsapato.

"Nanga iwe wati chiyani?"

"Ndati ayi."

"Ayi wake uti?"

"Wa m'basi."

Ndinayesa kumufewetsa. Ndinati paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Iye anati kalumoko akasunge m'thumba mwake. Kuyambira tsiku limenelo moyo wa Tessa unali ndi ntchito imodzi yokha, yoti mpeni usafike pamutu pa Linnea.

Atakana choncho, dokotala anati patsala njira ina yoti ayese, ya chakudya. Mwana azidya pafupifupi mafuta okhaokha: batala, kirimu, mazira, nyama yankhumba yonona, zonse zoyeza pasikelo. Shuga ayi, buledi ayi, mbatata ayi. Ngakhale mankhwala otsukira mano anayenera kufufuzidwa kaye. Akuti thupi likasowa shuga ubongo umayamba kudalira mafuta, ndipo kwa ana ena kugwa kumachepa. Koma anachenjeza kuti kanthu kakang'ono kotsekemera kakhoza kugumula zonse zimene wamanga. Tessa anagula kasikelo n'kukaika pawindo la kukhitchini. Ndikasuzumira kuchokera kwanga ndinkamuona atawerama pamenepo, akuchotsa batala ndi nsonga ya mpeni, n'kubwezeranso pang'ono, ngati wogulitsa golide.

Tsono kawauzeni zimenezo anthu a ku Ostby. Ife munthu akadwala sitidziwa kulankhula, timadziwa kuphika. Mbale zinayamba kubwera, zotentha, zokutidwa ndi nsalu: mbatata zosakaniza ndi nyama yogaya, mpunga wa nkhuku, makeke a mandimu. Mbale iliyonse inali ndi dzina la mwini wake kunsi, ndipo mbale kuno sibwezedwa yopanda kanthu. Tessa ankaima pakhomo n'kunena kuti ayi zikomo, ayi musavutike, ndipo kachitatu mbale inkakhala ili kale m'manja mwake. Mwana akamva fungo ankalira, iye ali ndi kambale kake ka dzira losambira m'batala. Mayi ake anafika pomakadyera m'galaja, chiimire, kuti mwana asawaone akutafuna buledi. Firiji inadzaza, mbale zinaunjikana pamwamba pa makina ochapira. Pamapeto pake ndinazitenga ine n'kuzibweza khomo ndi khomo zopanda kanthu, ndipo amene anakhumudwa anakhumudwira ine.

Chimene chinkandipsetsa mtima si mbalezo. Anthu omwewo, atapereka chakudya chawo, ankati, "Ukafuna ndidzakhale naye mwanayu kuti upumeko, undiuze." Tessa ankayankha monga anaphunzitsidwira, "Ayi, musavutike." Ndiye muone changu chake! "Chabwino, ndiwe wolimba mtima iwe, tikukupempherera." Galimoto ruu, yapita. Chakudya tinkafunsa katatu, koma za kukhala ndi mwana wakugwa tinkafunsa kamodzi, n'kuthawa yankho lisanazizire. Ayi wake weniweni sitinkamumva, ayi wake waulemu tinkamumva msanga. Si kuti ndi anthu oipa. Ankaopa, monga ndinkaopera ine, ndipo mbale ya mbatata siuma thupi m'manja mwako.

Ndinamufunsa tsiku lina akupinda zovala. "Iwe, bwanji osangoti inde akangofunsa? Uwagwire asanafike pagalimoto."

"Inuyo munayamba mwanenapo inde?"

"Ine ndi nkhalamba, ndinaumira momwemo."

"Ndiye mundisiye nane ndiume."

Koma chakudya cha mafutacho chinagwira ntchito, ndipo ndiyenera kunena zimenezi poti zinali zoona. M'chilimwe monse kugwa kunachepa. Panayamba kupita tsiku lathunthu mutu osagwa, kenako masiku. Linnea ananenepa masaya, anaphunzira nyimbo, anayamba kufunsa mafunso osatha. Ankafuna kudziwa chifukwa chake ng'ombe sizivala mphika, ndiponso ngati Yesu ankadya batala. Tessa anayambanso kupesa tsitsi lake. Tsiku lina ndinamumva akuseka panja, ndipo ndinachita kutuluka kukaona kuti ndi mlendo wanji wabwera.

Masamba atayamba kuyoyoka anapitanso kumzinda. Dokotala anayamikira, koma anati makina akuonetsa kuti ubongo wa mwanayo sukupumabe, ngakhale akagona. Anati mwana akadali wamng'ono chonchi m'pamene ubongo umatha kusamutsira ntchito mbali ina, ndipo kudikira nako kuli ndi mtengo wake. Anafunsanso za opaleshoni ija.

"Ndiye ndati ayi ndithu, musavutike," Tessa anandiuza akuseka.

"Mpaka musavutike? Kwa dokotala?"

"Anangotuluka okha mawuwo. Anandiyang'ana ngati ndapenga."

Lamulungu loyandikira Khirisimasi Tessa anabwera kutchalitchi, patapita nthawi yaitali asakuoneka. Linnea ankafuna kudzaona anzake atavala ngati nkhosa ndi abusa a ku Betelehemu. Mapemphero atatha tonse tinatsikira m'chipinda cha pansi kukamwa khofi. Brent anali atabwera sabata imeneyo, koma anatuluka kukaliza galimoto kuti itenthe. Ine ndinali kusinki. Patebulo lalitali panali a Verna Skogen ndi lefse wawo, mkate wa makolo athu. A Verna ndi nkhalamba ya zaka za m'ma 80, mkazi wamasiye, wogontha pokhapokha zikawakomera. Lefse wawo palibe angapikisane naye, wopyapyala ngati mpango, mbatata yokhayokha, wopakidwa batala, wowazidwa shuga n'kukulungidwa. Chaka chonse amakhalira tsiku limeneli.

"Kalanga ine, kamwana kaja ndi aka?" anatero a Verna. "Bwera kuno mwana wanga, udzalawe lefse wa agogo."

"Ayi, zikomo a Verna, wadya kale," anatero Tessa.

Ndinamva mawuwo ndili kusinki komweko. Akanati shuga amugwetsa. Akanati mukamupatsa tigona kuchipatala. Koma pakamwa pake panatuluka zimene pamatuluka pakamwa pa aliyense wa ife.

"Kudya kwake kuti, tiyi wa batala mumamupatsayo? Kamodzi kokha."

"Ayi ndithu, musavutike. Adokotala analetsa."

"Madokotala! Ine ana anga onse ndinawalera ndi lefse yemweyu, ena ndi azigogo pano."

Nthawi yomweyo abusa anamugwira Tessa paphewa kuti amupatse moni, ndipo iye anatembenuka. Kwa a Verna nkhani inali yosavuta. Mayi wakana kawiri, mwaulemu, monga mwana woleredwa bwino, ndiye chatsala n'kachitatu. Poona kuti mayi watanganidwa, kachitatuko anawerama n'kufunsa mwiniwake. Ndipo mwana wa zaka zinayi, amene sanalawe shuga chiyambire chisanu chapitacho, sadziwa za kukana.

Tinamupeza pansi pa tebulo, kuseri kwa nsalu. Shuga anali pachibwano, m'zala, mpaka pachingwe cha chisoti. Nkhope yake inali yowala moti ndikaikumbukira mtima umandiwawa.

"Amayi, ndadya chokoma," anatero. "Mphika wanga nawo wadyako."

Tessa anagwada n'kupisa chala m'kamwa mwa mwanayo, koma munalibe kanthu. Ndinadikira kuti ayi wa m'basi uja atuluke, mbale ziuluke, ndipo ndikanamuthandiza kuziponya. Iye anaimirira, ananyamula mwana wake, anayang'ana nkhalambayo.

"Zikomo, a Verna," anatero, n'kukwera masitepe.

M'mawa mwake, Tessa ali m'basi ndipo Brent akuchotsa chipale chofewa panjira, Linnea anauma thupi m'manja mwanga ndipo sanafewenso. Wotchi inapitirira pamene anandiuza kuti isapitirire. Inabwera ambulansi. Khirisimasi imeneyo anadyera kuchipatala.

Atabwerako, a Verna anapita kukapepesa. Ndinawaona pawindo akutsika galimoto pang'onopang'ono, ndodo kudzanja lina, kudzanja lina mbale yokutidwa ndi nsalu. Nanga akanapita ndi chiyani? Kupepesa kwina sakudziwa. Tessa anatsegula chitseko, anayang'ana mbaleyo, ananena liwu limodzi, n'kutseka. A Verna sanachoke. Anaima pomwepo m'chisanu choluma chija, akudikira kuti chitseko chitsegukenso awakane kachiwiri. Ndinavala nsapato n'kuwoloka msewu kukawatenga.

M'khitchini mwanga ndinawakhazika pampando n'kuwathirira khofi.

"Koma anakana kawiri kokha, Ardis," anatero. "Ndipo anakana mwaulemu. Ine ndikanadziwa bwanji?"

"Anakuuzani kuti adokotala analetsa."

"Aliyense amatero! Iwe wemwe umati adokotala anakuletsa mchere, koma nyama yanga umadya."

"Ndiye mumafuna akutukwaneni?"

"Bola akananditukwana," anatero, n'kuyamba kulira.

Ndinali nditakonza mawu ambiri owalasa nawo, koma ndinangowawonjezera khofi. Sanakane n'komwe.

Dokotala anamuuza Tessa kuti lefse uja mwina ndi amene anayambitsa kugwa kwa tsiku lija, koma si amene akuchititsa kuti kupitirire. Anati chakudya cha mafutacho chinali chitafika kale pamene chikanathera mphamvu, ndipo izi zikanabwerabe. Tessa sanakondwe nawo mawuwo. Anali atapeza munthu womusenzetsa mlandu, dokotala n'kumulanda. Anabwerera ku kasikelo kake mwaukali kuposa kale. Ankayeza kawirikawiri chinthu chimodzi chomwecho, ankatsuka supuni ya mwana payokha, mlendo aliyense ankamufunsa zimene zili m'thumba. Kugwa kunapitirirabe, ndipo tsopano kunkabwera motsatizana, kwina kusanathe bwino kwina kwayamba.

Kenako mawu anayamba kuchoka. Sanachoke tsiku limodzi ayi, ankangosowa limodzilimodzi monga zimasowera supuni m'khitchini ya tchalitchi. Nyimbo zija zinatha. Mafunso anatha. "Agogo Adisi" anasanduka "Adi," kenako ankangondikoka siketi. Tsiku lina masana anafuna chisoti chake chimene chinali patebulo. Analoza, anatsegula pakamwa, anayang'ana mayi ake kuti amuthandize, liwu osabwera. Tessa anagwada patsogolo pake.

"Nena, mwanangu. Ndi chiyani chimenecho? M... mphi..."

Mwanayo anadzimenya pamutu ndi chibakera, kawiri, n'kukhala pansi. Tessa anamuveka chisoticho, anamanga chingwe bwinobwino, analowa m'galaja n'kutseka chitseko. Anakhalamo nthawi yaitali, ndipo sindinamutsatire.

Basi nayo anaisiya m'nyengo yomweyo. Pamene msewu umadutsa njanji, woyendetsa basi ya sukulu amayenera kuima, kutsegula chitseko n'kumvetsera ngati kukubwera sitima. M'mawa wina Tessa anaima, anatsegula chitseko, anamvetsera, ndipo tulo tinamuba pomwepo, phazi lili pabuleki. Anadzidzimuka ndi mphepo yozizira komanso ana akumuitana dzina. Anakawatula kusukulu bwinobwino, n'kukapereka makiyi yekha asanauzidwe ndi munthu. Anandiuza akuvula magolovesi, ngati akunena za nyengo. Ndinamva chisoni kwambiri, chifukwa m'basimo ndi mokhamo mmene anthu ankamumvera.

Brent ankaimba foni madzulo alionse. Tsiku lina ndinali pomwepo ndikutsuka mbale, ndipo mawu ake ankamveka.

"Tess, mwina tiwalole madokotalawo. Koma iwe ndi amene uli naye, unene ndiwe."

"Ndinene ndine? Ndiye kuti mpeniwo ndigwire ndine."

"Sindikutero."

"Akatuluka osalankhula udzati anavomera ndani? Akapitirira chonchi udzati anakana ndani? Uli bwino iwe, uli kutali."

"Ukufuna ndisiye ntchito ndibwere?"

"Ayi."

Ndikuganiza kuti mwamunayo ankayesa kuzindikira kuti ndi ayi uti ameneyo, ndipo ndikukayika ngati mwiniwake ankadziwa.

Mwezi wa Malichi, chipale chitayamba kusungunuka n'kusanduka matope akuda m'mbali mwa msewu, tsiku lokaonana ndi dokotala linakwana Brent kulibe. Ndinati ndiyendetsa ndine, poti munthu wogona panjanji sindingamulole msewu waukulu. Anayamba kunena kuti ndisavutike, ine n'kumulanda makiyi. Linnea anagwa kamodzi tili m'njira, tinaima pambali, zinatha, tinapitirira.

M'chipinda cha dokotala munali motentha, mwa fungo la sopo. Tessa anakhala pampando mwana ali pamiyendo, ine ndinakhala pakona ndi majekete. Dokotala Menon anamuyesa mwanayo, anamuonetsa zithunzi za galu, mpira ndi nyumba kuti atchule. Linnea anangoziyang'ana, n'kutsamira pachifuwa cha mayi ake. Dokotala anaika zithunzizo pansi, anakokera mpando wake pafupi.

"Mayi Haugrud, ndikudziwa kuti munandiyankha kale kawiri, ndipo yankho lanu ndinalilemekeza. Mwachita zonse zimene munthu angachite, palibe mayi amene ndamuona akusamala chakudyachi kuposa inu. Koma chimene mukuopa kuti mpeni ungatenge, matendawa akutenga kale tsiku ndi tsiku. Sindingakulonjezeni kuti adzalankhulanso. Chimene ndinganene n'choti tikachita tsopano mwayi ulipo, ndipo ukucheperachepera. Ndiye ndikufunsaninso. Mutilole tichite opaleshoniyi?"

Tessa anamasula chingwe cha chisoti, anachivula, n'kuyamba kusalaza tsitsi la mwanayo limene linali litanyowa ndi thukuta. Anasalaza cha kumanzere, pamwamba pa khutu, mobwerezabwereza. Nkhope yake sinali ya munthu amene akuganiza. Inali ya munthu amene wayenda mtunda wautali ndipo waona pokhala. Atatsegula pakamwa, mawu anatuluka otsika, aulemu, omwe aja ndawamva kambirimbiri patebulo la khofi.

"Chabwino," anatero. "Ngati sikukuvutitsani." Anasalazanso tsitsi lija. "Kachidutswa kakang'ono basi."

Dokotala, poti si wa kwathu, anayankha moona mtima. "Sikundivutitsa ayi, ndi ntchito yanga. Koma ndisakunamizeni, si kakang'ono kwenikweni. Chingafike ngati dzira laling'ono." Anaonetsa ndi zala zake.

Ine ndi amene ndinayamba. Kunatuluka kaphokoso konyansa m'mphuno mwanga, ndinayesa kukabisa m'jekete koma zinakanika. Tessa ananditembenukira, anazindikira zimene wanena, naye n'kuphulika. Tinaseka m'chipinda cha dokotala wa ubongo ngati anthu oledzera, mapewa akugwedezeka, mwana akutiyang'ana modabwa. Sindikudziwa pamene kusekako kunasinthira, ndinangoona kuti Tessa waika nkhope yake m'tsitsi la mwana ndipo phokoso lake si lomwe lija. Dokotala anadikira, anamupatsa kapepala kopukutira misozi.

"Mukutsimikiza, mayi Haugrud? Mukhoza kupita kunyumba kukaganiza, n'kukambirana ndi bambo ake. Ndidzakufunsaninso sabata yamawa."

Tessa anapukuta kumaso, anamuveka mwana chisoti, anamanga chingwe.

"Ayi, adokotala, musandifunsenso," anatero. "Kwathu kulibe kachinayi."

Tisanatuluke n'komwe pamalo oimika galimoto anali atagona, mutu utatsamira pagalasi, pakamwa pali yasa. Dzanja lake linali litapita kumbuyo pakati pa mipando, litagwira mwendo wa Linnea. Ndinayendetsa pang'onopang'ono, ndikuzemba maenje. Pakati pa njira pali kamalo kamene timaima nthawi zonse kumwa khofi. Ndinachepetsa liwiro, ndinamuyang'ana, ndipo ndinadutsa osamufunsa ngakhale kamodzi.